Momwe ndinaphunzitsira amuna anga kugwa

Amuna anga analowa usilikali ali ndi zaka makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi ziwiri, mimba itayamba kale kutsogola, ndipo nkhondo imene analowayo inali itatha kalekale, agogo awo asanabadwe. Ndikafotokoza choncho anthu akumudzi amaganiza kuti ndikunena munthu wodwala mutu. Inenso poyamba ndinkaganiza chomwecho.

Tinkakhala ku South Bend, kuno kutsidya kwa nyanja. Ine ndinali namwino m'nyumba yosamalira okalamba, iwo ankagwira ntchito mu labotale ya payunivesite, kumene tsiku lonse ankacheza ndi mabotolo. Kumudzi anali mphunzitsi, munthu wa anzake, woti akapita kukagula mchere abwerako dzuwa litapendeka chifukwa aliyense wam'njira ali naye nkhani. Kuno anakhala zaka zisanu ndi ziwiri opanda mnzawo ndi mmodzi yemwe. Kutchalitchi ankangopereka moni n'kukandidikira m'galimoto. Nyengo yozizira ya sinowo ikafika ankakhala pawindo ali ndwii, tiyi n'kuzizira m'manja. Zinkandiwawa kwambiri, koma ine chisoni chimanditulukira ngati ukali, ndiye ndinkangowakalipira kuti achoke pawindopo.

Loweruka lina, nyengo yotentha, tinadutsa papaki n'kupeza matenti oyera ndi amuna akuda ovala majekete abuluu, atanyamula mfuti zazitali. Zinali zaka zija dziko lino linkakumbukira kuti patha zaka zana limodzi ndi theka chichitikire nkhondo yake yapachiweniweni, ija inathetsa ukapolo. Amunawa anali gulu la ku Indianapolis lochita zionetsero za nkhondoyo, kuvala, kuguba ndi kuwombera monga ankachitira asilikali akuda a nthawiyo. Amuna anga anaima patenti ya mkulu wina wandevu zoyera, amene anali sajeni wa gululo, n'kuloza mfuti yake.

"Iyi kwathu timati gogodela," anatero. "Agogo anga ankaphera nayo nguluwe."

Sajeniyo anawapatsa mfutiyo kuti aigwire. Ndinaima pamenepo ola lathunthu, zogula zikutenthedwa m'galimoto, ndipo ndinamva amuna anga akuseka chikhakhali, chinthu chimene ndinali nditaiwala kamvekedwe kake.

Kuyambira pamenepo, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse tinkalawirira ku Indianapolis, ulendo wa maola pafupifupi atatu pakati pa minda ya chimanga yosaoneka malire. Ndinkawatsitsa pabwalo la kuseri kwa tchalitchi china ku Speedway, ine n'kupitirira ku Lafayette Road kukagula ufa, nsomba zouma ndi chigwada cha mufiriji. Ndikabwerako ndinkakhala m'galimoto kuonerera, ndikutafuna mtedza. Masiku ena magalimoto a mpikisano ankabangula chapafupi pomwepo, moti sajeni ankachita kudikira kuti adutse asanapereke lamulo kwa asilikali ake akalekale.

Kuguba kunawavuta, osati chifukwa cha ulesi. Ali mnyamata ku Dowa ankavina mganda, ndipo mganda ukalowa m'thupi sutulukamo. Ng'oma ikangolira mapewa ankayamba okha, phazi n'kumatera mokongoletsa. Sajeni ankabwera kudzaima pamaso pawo n'kunena mofatsa kuti, "Bwana, tikupita kunkhondo, osati kuukwati." Anzawo ankaseka, iwonso n'kumaseka nawo. Zinawatengera miyezi kuti mapewawo amve. Kunyumba ankaguba m'galaja atanyamula mpini wa tsache, kenako atagula mfuti yawoyawo anayamba kuphunzira kuiika wonga. Ntchitoyo ili ndi masitepe asanu ndi anayi. Umatulutsa kapepala kokulunga wonga m'chikwama, kukang'amba ndi mano, kuthira wongawo kukamwa kwa mfuti, mpaka kukafika powombera. Chipolopolo sichilowamo, kumangotuluka phokoso ndi utsi. Ine ndinkawawerengera masitepewo ndikusankha nyemba, ndipo akalumpha sitepe sindinkawanyengerera.

Mosadziwa nanenso ndinalowamo. Sajeni anati mabowo a mabatani a jekete ayenera kusokedwa ndi manja, ndiye ndinamasula ulusi wa makina n'kusokanso ndekha, magalasi ali pamphuno. Nditamaliza ndinafuna kulichapa ndi kulisita. Amuna anga anachita kundilanda.

"Ili silisitidwa, amayi. Msilikali wa kutchire analibe ayironi."

"Ndiye mutuluke ndi makwinya amenewo? Anthu aziti kunyumbako kuli ndani?"

Pamenepo ndinagonja, ngakhale mpaka lero ndikaliona jeketelo manja amandiyabwa.

Vuto linayamba tsiku limene ndinakaonerera nkhondo yoyamba. Ndinkayesa kuti azingoguba n'kuwombera m'mwamba. Mizinga italira, utsi uli tolo, ndinaona amuna akuluakulu, a ana ndi zidzukulu, akugwa mmodzimmodzi n'kugona paudzu ngati mitembo, anthu n'kumawajambula. Kwathu munthu wamoyo sasewera imfa. Mwana akangodzifunditsa nsalu kumutu n'kugona chagada amalandira mbama, chifukwa kumeneko n'kulaula. Amuna anga tsiku limenelo sanagwe, koma titangolowa m'galimoto ndinawauza ndisanamange n'komwe lamba.

"Abambo, kuguba gubani, kuwombera womberani. Koma kufa ayi. Mupulomise pompano."

"Ndi sewero chabe, amayi."

"Sewero lomwelo. Mupulomise."

Analonjeza. Amuna anga ndi munthu woti akanena mawu wanena, ndipo apa ndi pamene ndinawapweteka osadziwa.

Gululo linali ndi mwambo wake. Nkhondo isanayambe sajeni ankagawa timapepala ta wonga tija, ndipo tina tinali topakidwa utoto wofiira. Ukapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa kofiira, uwombere komaliza n'kugwa. Palibe ankasankha, palibenso ankakana. Amuna anga anatulutsa kofiira pachionetsero china, n'kukabweza m'chikwama mwakachetechete. Pachionetsero chotsatira anachitanso chimodzimodzi. Poyamba anzawo ankangowaseka kuti munthu wa ku Afirikayu ali ndi mankhwala. Kenako kusekako kunachepa. M'gulumo munali amuna a mawondo opangidwa opareshoni, ena a shuga, amene ankagwa padzuwa osanyinyirika, ndipo mlendo yekha ndiye ankatuluka nkhondo iliyonse ali chilili.

Zonsezi ine sindinkazidziwa. Chimene ndinaona n'chakuti mwezi wina, sinowo itayamba kusungunuka, Loweruka loyamba linafika iwo osatulutsa jekete.

"Lero simukapulakitisa?"

"Ayi, ndatopa. Kudiraiva konse kuja."

Mwezi wotsatira anatinso atopa. Mfuti inakhala pakona osapakidwa mafuta, ndipo tsiku lina pochokera kuntchito ndinawapeza atabwerera pawindo paja. Ndinawafunsa mpaka anaulula. Sajeni anali atawauza kuti pachionetsero chachikulu chimene chinkabwera ku Indianapolis, munthu wosatha kugwa sadzaima pamzere. Akhoza kutsala kumatenti n'kumafotokozera alendo za mapoto ndi mabulangete.

"Ndiye bwanji osandiuza?"

"Ndikanakuuzani mukanatani? Ndinapulomisa."

Ndinapsa mtima, ndipo poti iwo sindikanawapsera, ndinapsera sajeni. Loweruka loyamba la mwezi wotsatira ndinayendetsa ndekha galimoto mpaka ku Speedway, njira yonse ndikukonza mawu. Ndinamupeza atakhala pabokosi lamatabwa, akusoka lamba. Sindinapereke n'komwe moni wokwanira. Ndinamuuza kuti amuna anga ayenda maulendo ataliatali osaphonya, aphunzira zonse, ndipo tsopano akuchotsedwa pamzere chifukwa chokana kulaula. Ndinamuuza kuti kwathu munthu wamoyo sagona ngati mtembo.

Anandimvetsera mpaka ndinatha mpweya. Kenako anasuntha n'kundipatsa mbali ya bokosilo.

"Mayi, agogo anga aakazi akanandiona ndikugona m'munda muja akanandikwapula ndi lamba yemweyu. Zimenezo si za kwanu kokha." Anapitiriza kusoka. "Koma anthu amene timavala zovala zawowa anagwadi. Ambiri palibe akudziwa pamene anaikidwa. Tikamatuluka tonse tili chilili, ndiye kuti tikuwanamizira. Amuna anu ndimawakonda. Koma sindingauze mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri kuti agwe m'malo mwawo."

Pamenepo ndinangonena zoona. Ndinamuuza zimene ngakhale amuna anga sindinkakamba nawo. Bambo anga anagwa panjira akuchokera kudimba, khasu lili paphewa, ndipo sanadzukenso. Ine ndinali kuno chaka chachiwiri, mapepala ondilola kukhala m'dziko lino asanatuluke, moti ndikanapita sindikanabwereranso. Maliro ndinawamvera pafoni, mchemwali wanga atakweza foniyo m'mwamba kuti ndimve nyimbo. Tsiku lomwelo masana ndinapita kushifiti. Sindinalire, chifukwa kunalibe polirira.

Sajeni sanandipepese ndi mawu ambiri. Anangoti, "Malo awo ndi achitatu kuchokera kumanzere. Sindinaikepo munthu."

Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Ndinawapeza akuwotcha buledi.

"Valani jekete lija, mutenge ndi mfuti. Tiyeni kuseri."

Anandiyang'ana cham'mbali, koma anavala. Titafika pakapinga ndinapinda manja.

"Gwani ndione."

"Amayi, mukutanthauza?"

"Ndati gwani. Musandichedwetse, ndingasinthe maganizo."

Zimene ndinaona sindidzaiwala. Anayamba acheuka kuona ngati pansi pali pouma. Anatsamiritsa mfuti bwinobwino, n'kugwada bondo limodzi, kenako linalo, n'kudzigoneka pang'onopang'ono ngati munthu amene wakhuta ndipo wapeza mphasa pamthunzi. Pomaliza anakonza chipewa. Ndinaseka mpaka ndinagwira mpanda. Ndinabwera ndi mantha, koma panalibe choopsa pamenepo.

"Mwafa kapena mukudikira tiyi? Munthu sagwa choncho."

"Nanga amagwa bwanji?"

Funso limenelo anafunsa munthu woyenera. Zaka zonse zija m'nyumba ya okalamba ntchito yanga inali kuletsa anthu kugwa, ndipo ndinaona kugwa kwa mitundu yonse. Munthu amene mphamvu zamuthawa sasankha malo. Amayamba ndi mawondo, amangopindika okha. Manja sathamangira kutsogolo, mutu umabwera pomalizira. Ndinkadziwanso zimene zimathyoka, chiuno, dzanja ndi phewa, ndiye ndinkadziwa mowatetezera. Ndinawaphunzitsa kumasula mawondo, kupotoza thupi kuti afikire pantchafu ndi m'nthiti, chibwano chili pachifuwa. Iwo anawonjezera za kwa sajeni, kuti mfuti igwe yopanda wonga, kukamwa kwake kutaloza kopanda munthu, ndiponso botolo lachitsulo la madzi likankhidwire kumsana.

Tinkachita zimenezi madzulo alionse ndikaweruka, kwa milungu isanu. Ndinayamba ndi kuwayalira matiresi akale, kenako bulangete, kenako udzu wokha. Ndinkawomba m'manja kamodzi, iwo n'kugwa. Akagwa monyengezera ndinkawadzutsa kuti abwereze. Mzungu woyandikana nafe, mayi wachikulire woweta agalu awiri, anapirira masiku atatu, lachinayi anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati kunyumba kwathu zonse zili bwino. Amuna anga anamuyankha ali gone kuti zonse zili bwino, akungophunzira kufa.

Anafika pokhoza. Tsiku lina ndinawomba m'manja, iwo n'kupindika ndendende ngati munthu amene mphamvu zamuthawadi. Ndinadziwa kuti ntchito yanga yatha, ndipo sindinakondwere. Chimene sindinathe ndi kuwayang'ana akagona. Akangofika pansi ndinkayang'ana kumpanda n'kunena kuti, "Basi, dzukani." Sanagonepo pamaso panga kupitirira mphindi imodzi.

Usiku woti mawa ndi chionetsero tinagona kwa msuweni wanga ku Beech Grove. M'mawa, akumanga nsapato, ndinawapempha chinthu chimodzi.

"Mukagwa, phazi lakumanja lizigwedera pang'ono. Ndizidziwa."

"Mwina sinditulutsa n'komwe kofiira."

"Mukatulutsa."

"Chabwino, ndiligwedeza."

Kubwaloko kunali anthu ambiri, atakhala pamipando yopinda kuseri kwa chingwe. Msuweni wanga anabwera ndi mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kwawo, wa ku Ntcheu, amene anabwera kuno kudzalera zidzukulu. Mayiyo anayang'ana mizinga, n'kuyang'ana ine.

"Mwanawe, amuna ako ali m'menemo? Ndipo iwe wavomera?"

"Ndavomera, amayi."

"Kaya," anatero, n'kumangitsa chitenje.

Gulu lawo linatulukira kumanzere, ng'oma ikulira. Ndinawerenga kuchokera kumapeto, woyamba, wachiwiri, wachitatu. Anali iwo, msana uli chilili, mapewa ali phee. Ndinanyada, sindibisa. Anaima, anaika wonga, anawombera, n'kusuntha kutsogolo. Anawomberanso. Amuna awiri anagwa. Kenako ndinaona amuna anga akupisa dzanja m'chikwama n'kuyang'ana chimene atulutsa kanthawi kotalikirapo. Anang'amba ndi mano, anathira, anawombera. Mawondo anapindika.

Anagwa ndendende monga ndinawaphunzitsira. Mzungu wina pafupi nane anauza mkazi wake kuti uyo ndiye wadziwa kugwa. Ine ndinafunafuna phazi. Udzu wa m'bwalomo unali wosatchetcha, wofika m'mawondo, ndipo chimene ndinkaona chinali kachidutswa ka buluu basi. Mzere unapitirira n'kuwasiya okha. Utsi unadutsa, n'kudutsanso. Dzuwa linali la masana, jekete lija ndi laubweya, ndipo mutu wanga wa unamwino unayamba kundiwerengera zonse zimene zimachitikira munthu wa msinkhu wawo padzuwa lotero. Mayi wa ku Ntcheu uja anasendera pafupi nane. Anangondigwira dzanja mwa kagwiridwe kamene amayi akwathu amagwirira namfedwa, ndipo kagwiridwe kameneko kanandimaliza.

Mfuti zinaleka. Mwambo wake ndi wakuti nkhondo ikatha lipenga limalira koyamba, anthu onse n'kukhala chete kukumbukira akufa, ogwa aja ali chigonere. Likalira kachiwiri m'pamene amadzuka. Ndinkaudziwa mwambowo. Ndinkadziwanso kuti woonerera saloledwa kudutsa chingwe, ndipo kuti ndikhoza kuwonongera amuna anga malo amene anali atangowapeza kumene. Lipenga loyamba linalira, bwalo lonse linati zii. Ndinawerama n'kudutsa pansi pa chingwe.

Sindinathamange. Ndinayenda pakati pa amuna ogona, abuluu ndi otuwa a mbali ya adani, ndili ndi chitenje changa ndi nsapato za kuntchito. Wina wa chitetezo anandiitana chapansipansi, ine osacheuka. Ndinawapeza atagona cham'mbali, chipewa chitagwera patali, nyerere ikuyenda pakhosi. Phazi linali likugwedera mokhulupirika m'udzu mmene munthu sakanaliona. Ndinagwada.

"Abambo, dzukani."

Anatsegula diso limodzi. "Lachiwiri silinalire, amayi," ananong'ona. "Mundipezetsa mlandu."

"Ndati dzukani."

Anandiyang'ana bwinobwino, ndipo sanatsutsenso. Anadzuka, yekha m'bwalo lonse la anthu akufa, udzu uli m'tsitsi. Ndinagwira jekete lija ndi manja awiri, lotentha, lonunkha wonga ndi thukuta, ndipo kulira kunatuluka. Sikunali kulira kwa kuno kopukuta ndi kapepala. Kunali kwa kwathu, kokweza, koitana. Ndinaitana bambo anga. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandidikire. Amuna anga anangondigwira mutu, osandiletsa.

Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Chimene ndikudziwa n'chakuti woimba lipenga anali atalikweza kale kukamwa, ndipo analitsitsa. Palibe anadzuka, palibe anatsokomola. Amuna onse aja anapitiriza kugona padzuwa mpaka ndinamaliza. Nditapukuta m'maso ndi chitenje m'pamene lipenga linalira, bwalo n'kuyamba kudzuka.

Manyazi anandigwira tsopano. Sajeni nayenso anali atagwa chapafupi, ndipo anadzuka movutikira, atatsamira mfuti. Anabwera kumene tinali. Ndinakonzeka kumva kuti ndaphwanya lamulo, ndipo ulendo uno ndinalibe mawu okonzeratu. Iye anatola chipewa cha amuna anga, anachikuntha pantchafu n'kuwapatsa. Kwa ine anangovula chake pang'ono. Kenako anatembenuka n'kuitana gulu lake kuti lifole.

Amunawo anathamangira pamzere, ena akutsimphina, akukuntha udzu m'mabuluku. Woyamba anaima, wachiwiri anaima, wachinayi anasiya mpata wa munthu mmodzi n'kuima. Onse anayang'ana kutsogolo. Amuna anga anayang'ana mpatawo, n'kuyang'ana ine, dzanja lawo likadali paphewa langa.

Ndinawachotsa udzu m'tsitsi, ndinawakonza kolala, n'kuwakankha pamsana.

"Pitani, anzanu akudikira."